Makwinya pa Zenera la Galimoto Yofiira

Galimoto ya Nedson inali yofiira ngati tsabola wakupsa, yazitseko ziwiri, yogwa pansi. Denga lake linali lansalu yakuda, loti ukafuna umalipinda n'kuligoneka kumbuyo kuti mphepo izikuomba pamutu. Anabwera nayo kuchokera ku Joni pa Khirisimasi, n'kukwera nayo zitunda za kwa Msakambewa ikukhula mimba pamiyala, ana ali piringupiringu pambuyo. Tchuthi chitatha anailowetsa chambuyo m'chigafa cha fodya, n'kuitana mkazi wake, Kezia.

"Makiyi awa ndasiya m'manja mwanu. Lamulungu lililonse muziiliza pang'ono kuti batire lisafe. Denga lizikhala lokwezeka chomwechi. Zenera lakumbuyoli si galasi ayi, ndi pulasitiki. Mukalipinda kukuzizira likwinyika, ndipo kuno lina simungalipeze."

Anamuphunzitsa kuliza injini ndi kuisuntha pang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka anakwera basi.

Kezia anali mtengwa. Kwawo kunali ku Kasakula, kuseri kwa mapiri, ndipo pamudzi pa amuna akepa ankamutenga ngati mlendo wochedwa kutsanzika. Nkhuku ikasowa, maso ankayamba ayang'ana kunyumba kwake. Ndiwo zikawawa mchere pamaliro, ankati wathira ndi wa ku Kasakula uja, ngakhale tsikulo iye atatandalira kumjigo. Analinso wamtima wapachala, ndipo apongozi ake aakazi, a Nambewe, ankauza anzawo kuti m'kamwa mwa mkazi ameneyu mumagona mavu.

Fodya atagulitsidwa mu Juni, Festus, mng'ono wake wa Nedson, anayamba kuzungulira chigafa ngati galu wanunkhiza nyama. Ankafuna akaonekere ku Mponela. Kezia anamukaniza. Mawa lake anabwera ndi amake.

"Galimotoyi ndi ya mwana wanga," anatero a Nambewe. "Akuipemphayu ndi mwana wanganso. Inu pano mwabwera liti?"

Anatambasula dzanja anthu akuona. Kezia anayesa kuimbira amuna ake, koma foni inangolira osayankhidwa. Dzanja lija linali likadali chotambasula, ndipo kumeneko mtengwa akalisiya choncho dzanja la apongozi, nkhani yake imakafika mpaka kutchalitchi. Anagwada n'kupereka makiyi. Mawondo anamuwawa sabata yonse, osati chifukwa cha miyala.

Festus ananyamuka m'mamawa, nkhungu ili mbuu, chisanu chikuluma zala. Anapinda denga lija pulasitiki ali gwa, mpaka kulikanikiza ndi bondo kuti lilowe. Pochokera ku Mponela anasanjika matumba a feteleza pamwamba pake. Denga linakhala chopindika mpaka mwezi unatha, chifukwa Festus ankati galimotoyo imakongola ikakhala mbulanda.

Ndiye kunabwera uthenga. Nedson afika Loweruka, ndipo pobwerera atengana ndi Festus, wamupezera ntchito yopenta nyumba ku Joni. Festus anathamangira kuchigafa kukakweza denga. Zenera lija linatuluka ngati pepala la shuga loti mwana walifinya m'manja, makwinya pamwamba pa makwinya, osaona kanthu kuseri kwake.

Lachinayi Kezia anapita kuchigayo. Pobwera, asanatule n'komwe ufa, mphuno zake zinagwira fungo la pulasitiki wopsa. Kuseri kwa khitchini anapeza a Nambewe atakhala mobisala, akupala kunsi kwa simbi yawo ndi chibenthu cha njerwa. Atamuona anaivundikira ndi chitenje.

Simbi imeneyi pamudzipo panalibe wosaidziwa. Inali yamakala, yolemera, ya katambala pachivundikiro, ndipo ndi imene inkasita bulauzi yawo yoyera ya Mvano mpaka kutsala pang'ono kuima yokha. Inkagona m'sutikesi yokhoma. Palibe ankaikhudza, kaya mwana kaya mbale. Nedson ali mwana anaigwetsa n'kuibenthula mphuno, ndipo mkwapulo wa tsiku limenelo ankaukambabe ali ndi ndevu. Kezia zovala zake ankaziyala pansi pa matiresi kuti ziwongoke, chifukwa atangofika kumene anayesa kuibwereka, n'kuuzidwa kuti akasitire poto monga amachitira ku Kasakula.

Lachisanu dzuwa litapendeka anamuitanira pakhonde. A Nambewe anali pampando, Festus atatsamira nsanamira. Makiyi anali pamphasa.

"Tengani makiyi anu," anatero a Nambewe.

"Abwerera bwanji lero, amayi?"

"Mwini wake anawasiya kwa inu, awapezenso kwa inu. Mawa akafika mugwade, munene kuti munapinda denga pofuna kupukuta fumbi, simunadziwe. Mwamuna sakwiyira mkazi wake mpaka kalekale. Akalipa pang'ono, mukakambirana kunyumba, zatha. Koma uyu akadziwika, ulendo wa ku Joni wafera pompano."

"Ndiye ine ndigwadire bondo la alamu? Ndi feteleza yemwe?"

"Alamu, musakulitse nkhani," anatero Festus. "Ndikakafika ku Joni ndidzakutumizirani foni yatachi."

"Mudzatumizire amene anakusenzerani matumba."

"Mwamvatu pakamwa," anatero a Nambewe, akuyang'ana mwana wawo. Kenaka anatembenukira kwa Kezia. "Pano mtengwa amasenza za pakhomo. Ine ndinasenza za apongozi anga, sindinafe nazo. Mukakana, mawa lomwelo ndituma munthu kwa ankhoswe anu adzakutengeni."

"Amayi, ine ndinagwada tsiku lopereka makiyi. Kugwada kwanga kunathera pomwepo."

Anatola makiyi aja ali chiimire, n'kumapita.

Loweruka m'mawa kumjigo anakumana ndi Rakele, mtengwa mnzake, mkazi wa msuweni wa Nedson. Nkhani inali itafika kale.

"Ingogwadani, anzanga," anatero Rakele. "Ine ndinagwadira mbuzi yoti sindinaione n'komwe. Mawondo sanathe, si awa."

"Mbuziyo inapezeka?"

"Inapezeka m'mimba mwa amalume awo."

"Anakupepesani?"

Rakele anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Mpaka lero amanditchula Nambuzi."

Kezia anasenza ndowa yake. M'mutu mwake zinthu zinali zitakhala kale m'malo. Madzulo a dzulo lake analiyang'anitsitsa zenera lija, ndipo pakati pa makwinyawo anaona malo ena ofiirira, okhuthala. Makwinya anali ntchito ya munthu wina, chofiiriracho ntchito ya winanso, koma zikakhala chosakanikirana chonchi zonse zikanatchedwa za Kezia. Achimwene ake ku Kasakula ankasoka mipando ya njinga za kabaza, ndipo iye anakula akuona mmene pulasitiki wouma amafewera ndi madzi ofunda ndi dzuwa asanamukoke. Ngati zimenezo zingatheke pa galimoto ya ku Joni sankadziwa. Ankangodziwa kuti ndi bwino ayese kusiyana n'kukhala akudikira kugwada.

Nkhungu inachedwa kuchoka tsiku limenelo, ngati nayonso inali pachibale ndi a Nambewe. Itangoyamba kung'ambika, Kezia analiza galimoto, n'kuitulutsa m'chigafa modukizadukiza, n'kuiimika pakati penipeni pa bwalo, kumbuyo kwake kutaloza dzuwa. Anakoka denga mpaka zokowera zake zonse zinagwira, kuti pulasitiki akhale chokokeka ngati chikopa cha ng'oma. Anasonkha moto pambali, n'kuteleka ketulo imene anabwera nayo kuchokera kwawo.

Poyamba anatsuka fumbi pongothira madzi ambiri, osakhula, chifukwa fumbi ukalikhula limakanda. Madzi a m'ketulo anawasakaniza ndi ozizira m'beseni, n'kuviikamo chigongono. Akamuotcha ankawonjezera ozizira, akazirala ankawonjezera otentha, mpaka afike poti khungu likupirira koma likudandaula. Anang'amba tishati yakale ya Nedson, n'kuiviika, n'kuimata pakona yam'munsi kuti ayese. Anadikira. Atachotsa nsalu anasisita ndi chikhatho kuchokera pakati kupita kumphepete, pang'onopang'ono. Khwinya laling'ono linagona pansi, osadzukanso.

Anthu anayamba kusonkhana. Amayi anabwera ndi nyemba zawo kudzasankhira pomwepo, abambo anaima patali manja kumbuyo. Festus anafika akutokosa m'mano.

"Alamu, mwayamba kusambitsa galimoto ngati khanda?"

"Wina analisiya ndi zonyansa zake, nanga n'kutani."

Makwinya aakulu anakana kugonja chakunja kokha. Kezia anakankha mpando wakutsogolo, n'kulowa kumbuyo ndi beseni, n'kugwada pampando kuti asisite chamkati. M'galimotomo munali mutatentha ngati m'uvuni wa njerwa. Thukuta linamulowa m'maso.

"Si uyo wagwada," anatero Festus, akuyang'ana anthu kuti aseke naye.

"Ndagwadira ntchito, alamu," anayankha Kezia ali mkatimo. "Inu simungaizindikire, simunakumanepo nayo."

Anthu anaseka, koma sanasekere kumene Festus ankafuna.

Nkhuni zinamuthera dzuwa lili pamutu. Rakele anabwera ndi mtolo wake, n'kuutula pafupi ndi moto osayang'ana munthu, n'kubwerera kukakhala pa nyemba zake. Kezia anapitiriza: kuviika, kumata, kudikira, kusisita, kutuluka, kulowanso. Manja anafiira, zala zinakwinyika kuposa zenera. Pamene bondo la Festus linakanikiza panatsala kamzere koyera kokana kuchoka, ndipo anakasiya. Koma kwina konse pulasitiki anayamba kuyera, moti ali mkatimo anayamba kuona mtengo wa mbawa wakuseri kwa chigafa, kenaka mbuzi, kenaka nkhope za anthu.

Makwinya akamachoka, chofiirira chija chinkatsala poyera. Poyamba chinkaoneka ngati banga wamba. Kenaka chinakhala ndi m'mphepete, chotakata kumbuyo, chosongoka kutsogolo, ndipo pamene panayenera kukhala nsonga panali pobenthuka. Mayi wina anasiya kusankha nyemba. Wina anagwira mnzake pantchafu. Panalibe wotchula kanthu, chifukwa panalibe wofunika kuuzidwa.

A Nambewe anatsika pakhonde. "Basi, zakwana. Ilowetseni m'chigafa."

"Sindinamalize, amayi. Pakona apa pakadali makwinya."

"Ndati zakwana. Festus, mulande ketuloyo."

Festus anayenda pang'ono. Kezia anainyamula ketulo ija ikutuluka nthunzi, n'kuima nayo pakati pa iye ndi galimoto.

"Senderani, alamu, ndikuwongoleni nanunso."

Festus anaima. Anayang'ana amake, anayang'ana ketulo, n'kuyamba kufunafuna chinthu m'thumba la buluku chimene munalibe.

Kezia anamaliza kona ija, n'kuthira madzi ozizira pazenera lonse kuti liumire chokokeka, n'kulipukuta ndi chidutswa chouma. Linawala. Chizindikiro cha simbi chinali pakati pake, chosafufutika, ngati phazi la munthu pasimenti yaiwisi.

Nedson anafika dzuwa litayamba kutsetsereka, pa njinga yamoto yochokera kumsewu, chikwama chili pamiyendo. Ana anakuwa. Iye anapereka moni kwa amake, kwa akuluakulu, koma maso anali kale pa galimoto. Anaizungulira, n'kukaima kumbuyo kwake nthawi yaitali. Anayendetsa chala m'mphepete mwa chizindikirocho mpaka pobenthuka paja, ndipo chala chinaima pomwepo.

"Mkazi wakoyu ali ndi mawu oti akuuze," anatero a Nambewe. Mawu awo anali ouma, koma manja ankapotokola nsonga ya chitenje.

"Ndili nawo," anatero Kezia, ali chiimire. "Makiyi ndinapereka, chifukwa ndinauzidwa kuti pano sindine kanthu. Makwinya ndachotsa. Chatsalacho sindingathe. Afunseni amayi ngati angatulutse simbi yawo m'sutikesi chifukwa cha ine."

Nedson anamugwira mkono n'kupita naye kuseri kwa chigafa. Ankanunkha fumbi la m'basi ndipo maso ake anali ofiira ndi tulo.

"Ndaona," anatero motsitsa mawu. "Mphuno imene ija ndinabenthula ndine, sindingaiiwale. Za Festus nazo ndamva kale ku Mponela, anyamata amati galimoto yanu ija inkatsogolera maukwati. Ndikudziwa kuti si inu."



"Koma ndi amayi anga," anapitiriza Nedson. "Ndi a Mvano, anthu amawapatsa ulemu. Simungawavule pagulu chonchi. Gwadani pang'ono chabe, munene kuti simbiyo munaitenga mobisa. Ine ndi inu tikudziwa zoona. Sizikukwanira?"

"Mukamabwerera ku Joni, zoonazo muzisiya kwa ndani?"

"Kezia..."

"Inu mukwera basi. Ine nditsala pano, wowononga galimoto, ndipo tsopano mwandiwonjezera wakuba simbi. Ana amene tidzabereke adzatungira madzi pamjigo womwewu, anzawo akuwatchula ana a Nasimbi. Ine ndimaganiza kuti chovuta n'choti muone. Mwaona, ndiye mukuti nditsinzine ndine?"

"Mukufuna nditani, ndikalipire mayi anga?"

"Sindinati mukalipire munthu. Ndikufuna mukaime pabwalo paja, pomwe anandinenera, munene kuti si ine. Mawu ake ndi omwewo."

Nedson anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi nsapato yake ya ku Joni.  Kezia anamutambasula dzanja, n'kuikamo makiyi, n'kumufumbatitsa.

Anabwerera pabwalo anthu onse akumuyang'ana. Anataya madzi otsala pamoto, n'kuika ketulo m'beseni. Analowa m'nyumba, n'kukulunga zovala zake m'chitenje, zija zowongokera pansi pa matiresi, n'kuziikanso m'beseni momwemo. Anasenza. Podutsa pakhonde anaima.

"Amayi, musavutike kutuma munthu kwa ankhoswe. Ndikawauza ndekha."

Njira yochokera pamudzipo inkatsetsereka pakati pa minda yokololedwa, yopapatiza, mbali ino ngalande, mbali inayo mizere ya khonje. Kezia anayenda osacheuka, khosi lili njo. Manja ankamuyabwa ndi madzi otentha aja. Anadutsa dimba la kabichi, anawoloka kamlatho ka mitengo, ndipo ali pachitunda chachiwiri anamva injini kumbuyo kwake, ndi mimba ya galimoto ikukhula miyala. Sanapatuke. Galimoto inayenda pambuyo pake ngati ng'ombe yotsatira mwini, mpaka iye anaima yekha.

Nedson anatsitsa galasi. "Kwerani, tikakambirane kunyumba."

"Mwanena?"

"Ndinena. Kwerani kaye."

"Kanenani kaye. Anthu sanabalalike, nyemba sanamalize kusankha. Rakele akabwera kudzandiuza kuti wamva ndi makutu ake, ndikwera. Dzuwa likafika paphiri lija asanabwere, ine ndatsikira kumsewu."

Nedson anayang'ana kutsogolo, anayang'ana ngalande, anayang'ana khonje. "Pano palibe potembenukira."

"Bwererani chambuyo. Zenera likuona."

Nedson anagwira chiwongolero. Kenaka anakoka giya, n'kuika mkono pampando, n'kupotoloza khosi. Galimoto yofiira inayamba kukwera chitunda chambuyo, pang'onopang'ono, ikukhotakhota, mwini wake akuyang'ana njira ya kwawo kudutsira pambali pa chizindikiro cha simbi ya amake.

Kezia anatula beseni, n'kutulutsa ketulo ndi mtolo, n'kulivundikira pansi. Anakhalapo, miyendo atatambasula, maso ali padzuwa ndi paphiri. Dzuwa linatsika, mthunzi wa khonje unamufika kumapazi, mphepo yozizira inayamba kutsika m'mapiri. Anaimirira n'kuyamba kumanganso katundu wake. Akukweza beseni pamutu anamva mapazi akuthamanga kumtunda, ndi mawu a Rakele akumuitana dzina, osati la wa ku Kasakula uja, koma lake lenileni.

Sanathamangire kukakumana naye. Anaima pomwepo, beseni lili pamutu, kudikira kuti mawuwo amupeze pamene anali.